Funsani Azakhali: Ngongole ya maliro a bambo ikufuna kutidyera nyumba

Zikomo Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 24, woyamba kubadwa m'banja la ana atatu. Mayi adatisiya kale mu 2019. Bambo athu, amene anali mphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale chakuno ku Chipoka, amwalira mwezi wathawu ku Kamuzu Central komwe adawatumiza atadwala impso.

Maliro adatipeza tilibe kanthu, poti ndalama zonse zidathera kumatenda. Kuti thupi lichoke ku Lilongwe kukafika kwawo ku Thavite, mwini galimoto adatitchaja K260,000. Bokosi tidagula la K210,000. Kuwonjezera apo chimanga, nyemba, usipa, nkhuni, shuga ndi mbuzi ya adzukulu. Abale a bambo ankangoti "mwana wamkulu aone chochita", ndiye ndidathamangira kwa bambo wina wa katapila pa Kamuzu Road. Adandipatsa K400,000 kuti pakutha pa mwezi ndibweze K600,000, ndipo adatenga chiphaso changa cha unzika ndi makina anga osokera ngati chikole. Mwezi watha, sindinabweze, ndipo akuti tsopano zikwera.

Chipepeso chidasonkhedwa ndithu, chifukwa aphunzitsi anzawo, akumpingo ndi anthu a m'mudzi adabwera ambiri. Koma mbale ndi kope zidali m'manja mwa bambo aang'ono, ndipo mpaka lero sanatiuze kuti zidakwana zingati.

Vuto lina ndi pokhala. Tili m'nyumba ya sukulu, ndipo ahedi atiuza mwaulemu kuti teremu ikamatsegulidwa mulowa mphunzitsi wina. Bambo ankamanga nyumba pa puloti imene adagula ku Kaphatenga. Idafoleredwa malata koma ilibe zitseko, mazenera ndi simenti pansi. Bambo aang'ono akuti igulitsidwe, tibweze katapila, yotsalayo tigulire chiliza, ifeyo tipite kwa amalume ku Lifuwu poti ana ndi a kuchikazi. Akuti wogula wapezeka kale. Mlongo wanga ali Fomu 3, mng'ono wanga ali Sitandade 6. Pamaliro padabweranso mayi wina ndi mwana wa zaka 7 amene akuti ndi wa bambo, ndipo kunena zoona nkhope ndi yawo. Wilo bambo sadasiye.

Kodi kuli bungwe kapena ofesi ya boma imene imathandiza ana amasiye ndi ndalama za maliro kapena nyumba? Kapena ndingovomera kuti agulitse?

Mwana woyamba, Chipoka

Mwanawe,

Pepa ndi zovutazi. Ndiyambira pa funso lako lomaliza chifukwa ndi limene lingakupweteke msanga. Usavomere. Nyumba ya ku Kaphatenga isagulitsidwe, ndipo usasayine kapena kudinda chala pa pepala lililonse lokhudza puloti imeneyo, ngakhale atakuuza kuti n'longosungira. K600,000 ikuoneka phiri lero, koma siyingafanane ndi nyumba ya malata pafupi ndi msewu wa ku Lilongwe. Wogula amene wapezeka misozi isanaume akudziwa kuti mwapanikizika, ndipo mtengo umene atchule udzakhala wa anthu opanikizika.

Za bungwe ndikuuze mosabisa. Ku Boma kulibe khomo limene munthu amagogoda ndi malisiti a bokosi n'kubwezeredwa ndalama chifukwa chakuti ndi wamasiye. Aphungu ndi makhansala amagula mabokosi, inde, koma thupi likadali pasiwa anthu akuona. Maliro akapita, foni zawo zimavuta kulowa. Ndipo ukaona uthenga pa Facebook kapena pa WhatsApp woti azungu ena akugawa ndalama kwa ana amasiye koma uyambe watumiza ya kalembera pa Airtel Money kapena Mpamba, ufufute. Ndi mbava.

Thandizo lako lenileni lili m'zimene bambo ako adagwirira ntchito ndi kudulidwa pa malipiro zaka zonsezi. Sizopempha ayi, n'zanu. Kungoti sizibwera zokha, zimafuna mapepala ndi miyendo.

Pepala loyamba ndi chiphaso cha imfa. Chimaperekedwa ndi a National Registration Bureau (NRB), omwe aja a ziphaso za unzika, ndipo ofesi yawo ili kwa DC. Poti bambo adamwalirira kuchipatala, fomu yonena za imfa imalembedwa konko. Ngati wina pabanja adailandira pamene munkatenga thupi, ifufuze lero. Popanda chiphaso chimenechi palibe banki, kampani ya inshuwalansi kapena ofesi imene ingakumvere. Chikatuluka uchijambulitse makope angapo, chenichenicho chizikhala kwa iwe. Pamodzi nacho usunge chiphaso cha unzika cha bambo, makalata obadwira a nonse atatu kapena mabuku anu a kusikelo, ndi kalata imene adagulira puloti. Zimenezi zisagone m'nyumba ya munthu wina aliyense, ngakhale akhale mbale wokoma mtima chotani.

Kenako fufuza m'chikwama cha bambo, m'sutikesi, ngakhale mkati mwa Baibulo, upeze payslip yawo, pepala losonyeza malipiro a pamwezi, makamaka ya miyezi yomaliza. Ikasowa, ahedi kapena a PEA, mlangizi wa masukulu a pulayimale mu zoni, akuthandiza kuipeza. Ine pepala limeneli ndimalilemekeza kwambiri, chifukwa makolo athu ambiri sauza ana zimene adalowa, koma payslip sibisa. Uyang'ane mbali ya zodulidwa, mzere uliwonse, ndipo pamene sukumvetsa ufunse mphunzitsi amene anali mnzawo wapamtima.

Ukapeza dzina la kampani ya inshuwalansi, monga NICO Life kapena Old Mutual, ndiye kuti mwina adali ndi polise ya maliro kapena ya moyo. Aphunzitsi ambiri adalembetsa zoterezi kwa ma ejenti amene amayenda m'masukulu, n'kuiwala. Polise ya maliro imalipira ngakhale mwaika kale, bola ikhale kuti inkalipiridwa ndipo mwakanena m'nthawi imene adaika. N'chifukwa chake sindikufuna uzengereze. Pa ndalama zonse zimene nditchule, iyi ndi imene imatuluka msanga, ndipo ikapezeka ndi imene ingathetse nkhani ya katapila. Akakukaniza pa zifukwa zosamveka, amene amayang'anira makampani amenewa ndi a Reserve Bank of Malawi, ndipo amalandira madandaulo a anthu wamba.

Ukapeza SACCO, bambo ali ndi masheya ndi ndalama zosunga kumeneko, ndipo polowa adalemba dzina la wodzalandira. Ukapeza ngongole ya kubanki kapena ya makampani okongoza ogwira ntchito m'boma, usachite mantha. Ngongole zambiri zotere zimakhala ndi inshuwalansi yake yoti mwini akamwalira yotsalayo ifafanizidwe, ndiye upite ndi chiphaso cha imfa ukafunse zimenezo mwachindunji. Ngakhale itakhala yopanda inshuwalansi, ngongole ya bambo imalipidwa kuchokera pa chuma chimene asiya, siyisamukira pamutu pa mwana. Ufunsenso ngati pasukulupo kapena ku zoni kuli thumba la welofeya limene aphunzitsi amasonkherana, komanso ngati a Teachers Union of Malawi ali ndi chimene amachita membala akamwalira.

Pali china chimene chandikhudza m'kalata yako. Wogwira ntchito m'boma akamwalira, bokosi ndi galimoto yonyamula thupi kupita kwawo zimayenera kuchokera kwa olemba ntchito. Iwe udalipira wekha K470,000 pa zinthu ziwirizi, mwina chifukwa imfa idakupezani ku Lilongwe ndipo padalibe wamkulu wothamangira ku ofesi. Lemba kalata yopita kwa a DEM, mkulu wa maphunziro m'boma lanu, idutsire kwa ahedi ndi a PEA, ufotokoze zimene udalipira, umatirepo makope a malisiti, upemphe kuti akubwezere. Ngati wagalimoto sadakupatse lisiti, mufunefune akulembere ngakhale papepala la m'kope, asayine n'kuikapo nambala ya galimoto. Sindikukulonjeza kuti zituluka mawa, koma kalata imene ili m'faelo imakumbutsa, pamene mawu apakamwa amaiwalika munthu akangotuluka pakhomo.

Malisiti omwewo ali ndi ntchito ina. Chuma cha malemu chisanagawidwe, zoyamba kuchotsedwa ndi ndalama zimene zidalowa pa maliro, kenako ngongole za malemuyo. Ndiye zimene udawononga poika bambo ako uli ndi ufulu wozitchula pa tsiku logawa kuti zibwerere kwa iwe, zotsalazo n'kumagawana.

Ndalama yaikulu ndi giratuwite ya imfa, imene boma limapereka kwa osiyidwa a wogwira ntchito wake. Faelo imayambira kwa a DEM, n'kupita ku Lilongwe, ndipo ndalama zikatuluka zimagawidwa kudzera kwa Administrator General, ofesi ya boma yoyang'anira chuma cha masiye, kapena kwa DC. Adzafuna mndandanda wa ana ndi ena amene ankadalira malemu, wotsimikizidwa ndi amfumu ndi mboni za mbali zonse ziwiri za banja. Pa tsiku lolemba mndandandawo ukhalepo, ndipo amalume ako akhaleponso, chifukwa apa ndi pamene mayina achilendo amalowera. Gawo la ana aang'ono silipatsidwa kwa wamkulu aliyense m'manja, limasungidwa m'dzina la mwanayo n'kumatapidwa pa zinthu monga sukulu. Koma ndalama imeneyi imayenda pang'onopang'ono, miyezi imatha, nthawi zina chaka chimadutsa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Usakongole kwina ukudalira giratuwite, ndipo aliyense wokuuza kuti akufulumizitsira faelo ukamupatsa kangachepe umukane. Uzingopita wekha kukafunsa pamene yafika, n'kumalemba tsiku ndi dzina la ofesi m'kope lako.

Kwa owerenga ena amene kholo lawo linkagwira ntchito pakampani, kaya ku shuga, kaya kumahotela a ku Senga Bay, njira ndi ina. Lamulo la penshoni limakakamiza olemba ntchito kusonkha 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti, komanso kumugulira wantchitoyo inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro ake a chaka chimodzi. Ndalama zimenezo zimapita kwa anthu amene malemu adawalemba pa fomu ya penshoni. Mabanja ambiri amangolandira bokosi, thumba la ufa ndi galimoto ya kampani n'kuthokoza, osadziwa kuti zazikulu zatsalira.

Chenjezo limodzi pa nkhani ya banki: ngakhale ukudziwa nambala yachinsinsi ya khadi la bambo, usakatape ndalama. Aliyense asakatape. Kadziwitseni a banki kuti mwini wamwalira, akuuzani makalata amene akufunika. Chimodzimodzi ndalama zimene zatsala mufoni yawo. Ukatapa mwamseri, mawa pa mlandu wa nyumba adzakuloza kuti woyamba kudya za malemu ndiwe.

Tsopano wa katapila uja. Chiwongoladzanja cha K200,000 pa mwezi umodzi n'kuba kwa masana, ndipo iye akudziwa. Kukongoza ndalama ngati bizinesi kumafuna chiphaso cha boma, chimene akatapila ambiri alibe, ndipo khoti lili ndi mphamvu younikanso ngongole imene chiwongoladzanja chake chapyola muyezo. N'chifukwa chake anthu amenewa amakonda kuopseza kusiyana ndi kusuma. Komabe ndalama yake udatenga, ndipo idaika bambo ako, ndiye usamuthawe. Upite ndi amalume ndi munthu wina wolemekezeka, kaya mkulu wa mpingo, mukamuuze kuti K400,000 ija mukuivomereza, mubweza mwa magawo, koma kuchulukitsa kuime lero. Zimene mugwirizane zilembedwe, aliyense asayine. Mupemphe makina osokera abwerere, chifukwa ndi amene abweze ngongoleyo. Akakhala m'nyumba mwake sakuthandiza iye kapena iwe. Chiphaso cha unzika alibe nacho ufulu n'komwe, ndipo iwe ukuchifuna pa maofesi onse ndatchulawa. Akakana kapena akayamba kukuopseza, kanene kupolisi. Chimene sindikufuna kumva n'chakuti wamupatsa kalata ya puloti m'malo mwa makinawo.

Ngati uli mu banki nkhonde, funsa za thumba la zadzidzidzi, ndipo ngakhale ngongole ya m'gulu ili ndi chiwongoladzanja, siyingafike pa ya katapila. Kutenga pang'ono m'gulu kuti uchepetse ya ku Kamuzu Road n'kwanzeru. Kutenga kwa katapila wachiwiri kuti ulipire woyamba, ayi.

Chipepeso. Ine kumpingo kwathu amayi a Chigwirizano amandipatsa kawirikawiri ntchito yogwira kope pa maliro, ndiye nkhani iyi ndimaidziwa mkati mwake. Mwambo wake ndi woti ndalama ziwerengedwe pamaso pa anthu a mbali zonse, zilengezedwe, zilipire zimene maliro adya, zotsala zipite kwa anamfedwa. Maliro n'kulirana, ndipo anthu amene adaponya m'mbale ankapepesa ana a malemu, sankalipira wogwira mbale. Kuti iwe ukhale ndi ngongole ya bokosi pamene chipepeso chili m'thumba la munthu wina n'zosayenera, ndipo mfumu iliyonse ya ku Thavite ikuuza chimodzimodzi. Usakafunse wekha, ungaoneke wamwano. Amalume, monga mwini mbumba, apemphe bwalo la banja kwa amfumu kuti kope liwerengedwe. Kuti bwalolo lisasanduke kukanirana, yamba wafunsa ahedi kuti aphunzitsi adapereka zingati, ndi mlembi wa mpingo chimodzimodzi. Magulu oterewa amalemba zimene apereka. Mwina sizibwera zonse, koma ngakhale theka lichepetsa katapila.

Tibwere ku nyumba. Bambo ako aang'ono usawaone ngati mfiti. Zimene akunena zili ndi kochokera. Pa chikhalidwe chathu cha Achewa ana ndi a kwa mayi, mwamuna akamwalira katundu wake ankabwerera kwa abale ake, ndipo ana ankayang'ana kwa amalume. Ngakhale lamulo lakale la 1967 linkavomereza zimenezi pang'ono: m'maboma a chikamwini ngati athu ano, mwamuna akamwalira wopanda wilo, mkazi ndi ana ankalandira magawo awiri mwa asanu, atatu otsalawo n'kupita kwa olowa chuma mwa mwambo. Akuluakulu ambiri adakali m'lamulo limenelo m'mitu mwawo. Koma lidafafanizidwa. Kuyambira mu 2011 tili ndi lamulo la chuma cha masiye, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, ndipo limanena kuti munthu akafa wopanda wilo, chuma chake ndi cha mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi amene ankadaliradi malemuyo, monga kholo lake lokalamba kapena mwana wa mbale amene ankamulipirira sukulu. Mchimwene amene ali ndi khomo lake alibe gawo ana akakhalapo. Lamulo lomwelo limati pogawa choyamba kuganizira ndi chakuti osiyidwa asavutike, ndipo mwana wamng'ono amayenera kulandira chokulirapo kusiyana ndi wamkulu chifukwa ulendo wake ukadali wautali. Kulanda, kugulitsa kapena kubisa katundu wa malemu ulibe ufulu ndi mlandu umene munthu angakhale nawo kundende mpaka zaka 10, kuphatikizapo chindapusa.

Munda wa makolo ku Thavite ndi nkhani ina, umenewo ndi wa mtundu wawo ndipo sindikukulimbikitsa kuulimbirana. Inu minda yanu ili ku Lifuwu kwa mayi anu. Koma puloti ya ku Kaphatenga bambo adagula ndi malipiro awo, njerwa adaumbitsa okha, malata adagula okha. Imeneyo ndi ya ana.

Ndati ya ana, ndipo apa mwina sukondwa nane. Mwana wa zaka 7 uja, zikatsimikizika kuti ndi wa bambo ako, ali ndi gawo ngati inu nomwe. Lamulo silisiyanitsa mwana wa m'banja ndi wobadwira kunja. Mayi ake alibe gawo ngati sadali pa banja ndi malemu, koma mwanayo ali nalo. Ndikukulangiza kuti umulembetse wekha pa mndandanda. Mukamubisa, mayi ake akadzadandaula faelo yonse ya giratuwite ikhoza kuima, ovutika n'kukhala inu. Komanso mayi ameneyo ali ndi chifukwa chofanana ndi chako chokanira kuti nyumba igulitsidwe mwachinyengo.

Ndondomeko yake ikhale iyi. Amalume akalankhule ndi bambo aang'ono mwaulemu kuti ana asankha kukhala m'nyumba ya bambo awo. Iwe ndi amalume mukaonekere kwa amfumu a dera limene kuli puloti, muwadziwitse kuti mwini wamwalira, ana alipo, ndipo pasakhale kusintha dzina kapena kudinda kalata yogulitsa. Mukanenenso kwa DC pamene mukutsegula faelo ya chuma cha malemu, nyumbayo ilembedwe m'menemo. Iwe ndi wamkulu pa malamulo, ukhoza kupempha khoti kuti likupatse makalata oyendetsera chuma cha bambo ako, ndipo a Legal Aid Bureau amathandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya. Akalaliki a pakhoti la majisitireti ku Salima akulozera kumene ungawapeze. Ukangoona anthu akuyeza puloti kapena kukwera padenga, thamangira ku Victim Support Unit ya kupolisi tsiku lomwelo. Kubweza nyumba imene yagulitsidwa kale ndi mlandu wa zaka, kuletsa isanagulitsidwe ndi ntchito ya tsiku limodzi.

Ndipo mulowemo. Ndikudziwa ilibe zitseko. Ndalama yoyamba imene ipezeke, katapila atapatsidwa gawo lake, igule chitseko chakunja cholimba ndi loko, ndi china cha chipinda chimodzi. Mazenera mutseke ndi njerwa, musiye timipata ta mphepo pamwamba, pansi muzire ndi dothi monga timachitira kumudzi. Chimbudzi chikumbidwe musanasamuke. Anyamata a kumpingo kwanu ukawapempha kudzera kwa abusa kapena akulu a mpingo, ntchito imeneyo ndi ya Loweruka limodzi, iwe n'kuphika nsima. Musaiwale maneti, udzudzu wa ku Salima suona kuti muli pa chisoni. Nyumba yopanda anthu imasasulidwa malata usiku ndipo imagulitsika mosavuta, koma imene muli ana ndi utsi wa kukhitchini wogula amaiopa.

Ahedi sadalakwe, nyumba ya sukulu imatsata ntchito. Koma ukhoza kupempha masabata ena owonjezera. Lemba kalata kwa iwo ndi komiti ya sukulu, utchule tsiku limene mudzatuluke, ndipo tsikulo ulisunge. Anthu amene adagwira ntchito ndi bambo ako sangaponye katundu wanu panja ukawauza tsiku lenileni. Za sukulu ya ana uganizire msanga: wa Sitandade 6 kusamutsa n'kosavuta, koma wa Fomu 3 ufunse ngati malo angapezeke kufupi ndi Kaphatenga musanamuchotse kumene ali, poti mayeso a MSCE ali pafupi.

Ku ofesi ya Social Welfare kwa DC upiteko ndithu ukalembetse ana awiriwo, makamaka pa nkhani ya basale ya mlongo wako. Za Mtukula Pakhomo usayembekezere kwambiri. Pologalamu imeneyi idayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo Salima ndi limodzi mwa maboma amene adailandira koyambirira, koma imasankha mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wotha kugwira ntchito, ndipo kusankhako kumachitika m'midzi pa nthawi yake, munthu salembetsa tsiku limene wafuna. Iwe uli ndi manja ndi luso losoka, mwina sangakuwerengere.

Chiliza chidikire. Palibe mwambo umene umati chimangidwe chaka chomwecho, ndipo sindinamvepo mzimu wa mphunzitsi ukukondwa kuti ana ake asiya sukulu chifukwa cha simenti ya pamanda.

Azakhali

Azakhali,

Ine bambo anga sadali pa ntchito ya boma, adali msodzi kuno ku Senga Bay. Asiya boti, injini ndi chilimira, akazi awiri ndi ana asanu ndi awiri, wamkulu ndine, wa zaka 31. Tidaika tsiku lomwelo monga mwa Chisilamu, ndiye pa maliro sitidawononge zambiri, koma kutsogoloku kuli sadaka ya masiku 40. Mayi anga akukhala m'nyumba ya lendi ndipo eni nyumba akufuna K105,000 ya miyezi itatu imene bambo sadalipire akudwala. Achimwene awo a bambo adatenga injini kuti akasunge, boti langokhala pamchenga. Tithandizidwe kuti?

Wodandaula, Senga Bay

Bambo,

Pepani. Inu mulibe payslip yoti mufufuze, chuma chanu ndi chimene chili pamchengacho, ndipo tsiku lililonse limene boti silinalowe m'madzi lendi ikukwera, alovi akupita kwa eni maboti ena. Nkhani yonse ndi injini.

Mwayi wanu ndi woti apa lamulo la boma ndi la chipembedzo chanu zikuyenda limodzi. Lamulo la 2011 limapereka chuma kwa akazi ndi ana, ndipo mkazi aliyense amasunga katundu wa m'nyumba mwake. Pa Chisilamu nakonso ngongole za malemu zimayamba kulipidwa chuma chisanagawidwe, akazi ndi ana ali ndi magawo awo odziwika, ndipo pamene pali mwana wamwamuna achimwene ndi alongo a malemu salowa chuma. Ndiye pemphani ashehe ndi amfumu akhale pansi ndi banja lonse, amayi onse awiri alipo, mulembe katundu yense pa pepala limodzi kuphatikizapo nambala ya injini. Adziwitseninso a komiti ya pagombe, kuti injiniyo ikaoneka pa boti la wina kapena ikamatsatsidwa adziwe kuti ili ndi eni. Ikakanika kubwera mwamtendere, njira ndi yomwe ndauza mnzanu wa ku Chipoka: Victim Support Unit, kenako khoti.

Ine sindingakulangizeni kugulitsa zida kuti mugawane ndalama. Mukagawa anthu asanu ndi anayi, aliyense atenga zongodya miyezi yochepa. Boti ligwire ntchito, mugwirizane wolisamala, ndipo pakhale kope lolemba usipa umene wagwidwa, mafuta, gawo la alovi ndi zotsala, makomo onse awiri aziliona. Pamene pali mitala, kope limenelo ndi limene lingakusungireni mtendere. Muzipatulanso kangachepe ka masiku a mwera, pamene nyanja siloweka.

K105,000 ija ndi ngongole ya malemu, ilipidwe kuchokera pa zimene boti lipeze musanayambe kugawana. Pitani kwa eni nyumba ndi mkulu wa pamzikiti, mupereke kangachepe kamene muli nako, mulembe masiku olipira zotsalazo. Ngati mayi anu ali mu banki nkhonde, afunse za thumba la zadzidzidzi. Za sadaka kambiranani ndi ashehe kuti ichitike molingana ndi zimene muli nazo m'nyumba, mpunga umene ulipo ndi ndiwo za m'nyanja momwemo, popanda kukongola. Chiphaso cha imfa mukatengebe ngakhale bambo adamwalirira pakhomo: fomu yake imasainidwa ndi amfumu, n'kupita nayo kwa a NRB ku Boma, ndipo mudzachifuna mukamakafunsa za ndalama zimene zatsala mufoni kapena kubanki.

Azakhali